Kodi tizingochotsa uyu n'kubwezera uyo mpaka liti?

Che Jafali (Makawa):
Asalaam aleikum abale nonse, ndi anzathu achikhristu moni. Pali chinthu chakhala chikundidya mumtima chichokereni chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, lero ndati ndichitule pano. Tsiku lija ndinalawirira kukadali mdima, alovi ndinawasiya padoko akusoka chilimira, ine n'kukaima pamzere mpaka dzuwa paliwombo. Pepala la mtsogoleri wa dziko linali ndi nkhope 17. Munthu amene mfundo zake zinandigwira mtima analipo papepalapo, koma sindinamuchonge. Ndinachonga wina, poti padoko ponse nyimbo inali imodzi: ukavotera uyo, voti yako waiponya m'nyanja. Ndiye kunena zoona ine sindinasankhe munthu, ndinachotsa munthu. Mu 2020 ndinachitanso zomwezo, kungoti wochotsedwayo anali winayo. Tsono ndikufunsa inu ophunzira ndi inu muli kunja: kodi kulikonse amavota chonchi? Palibe njira yoti voti ipite kumene mtima uli koma osatayika?

Abiti Yusufu (Namwera):
Wa aleikum salaam Che Jafali. Mwandilankhulira. Ife amayi a mumsika tinakavotera mtengo wa chimanga ndi shuga basi. Nkhope sitinayang'ane.

Shaibu wa kabaza (M'baluku):
Ine sindinavote ndipo musadzandionenso pamzere. Ndagona mausiku angati pamalo omwetsera mafuta, njinga ya bwana ili pambali, kunyumba mwana alibe phala? A Mutharika ndi a Chakwera onsewa alamulirapo. Ndi amodzi.

Aphunzitsi Phiri (Chilipa):
Che Jafali, zimene munamva mumtimazo manambala akuchitira umboni. Mu 2014 a Peter Mutharika anapeza 36 peresenti, a Lazarus Chakwera 28, mayi Joyce Banda 20, a Atupele Muluzi pafupifupi 14. Awiri apamwamba kuwaphatikiza anali ndi 64 basi. Mu 2019 a Mutharika anali ndi 38.6, a Chakwera 35.4, malemu a Saulos Chilima 20. Awiri apamwamba anakwera kufika 74. Tsono taonani 2025: a Mutharika 56.8, a Chakwera 33. Kuphatikiza ndi pafupifupi 90 pa 100 alionse. Anthu 15 otsalawo anagawana nyenyeswa za 10 peresenti, ndipo pagulu la ogawana nyenyeswawo panali mtsogoleri wakale wa dziko, panali a UTM, panalinso a UDF amene kuno kwathu kale ankangokolola osalima. M'zaka 11 zokha tachoka pa akavalo anayi kufika pa awiri.

Madala Mbewe (Mpondasi):
Ana anga, ndiloleni ndiyankhule monga munthu amene anaponya voti pa 14 Juni 1993. Tsiku limenelo pepala linalibe nkhope, kunali nyali ndi tambala wakuda. Anthu oposa 60 pa 100 alionse tinasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Sitinati ziwiri, tinati zambiri. Mu 1994 a Bakili Muluzi anapambana ndi 47 peresenti, a Kamuzu Banda anapeza 33, a Chakufwa Chihana 19, aliyense kutsamira chigawo chakwawo. Koma musanyoze msanga lamulo la 50+1, loti wopambana apose theka la mavoti. Ine ndinaona a Bingu wa Mutharika akulowa m'boma mu 2004 ndi mavoti osafika 36 peresenti. Mu 2014 mng'ono wawo analowanso ndi 36. Anthu awiri mwa atatu alionse anali atamukana munthuyo koma iye n'kumalumbira. Chimene khoti linachita pa 3 Febuluwale 2020, ponena kuti wopambana azikhala ndi mavoti oposa theka, chinali chabwino. Shaibu mwana wanga, voti imene ukuitayayo anthu ena anamangidwira.

Shaibu wa kabaza (M'baluku):
Pepani madala, sindikunyoza. Koma mtima ukuwawa.

Tamanda (Leeds):
Moni kumudzi. Ine ndili kuno ku England ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo chisankho cha pa 4 Julaye 2024 ndinachionera pafupi. Njira imene timasankhira aphungu kumudziko tinatengera kunoku: dera limodzi, phungu mmodzi, amene waposa anzake ngakhale ndi voti imodzi watenga mpando. Zotsatira zake ndi izi. Labour inapeza mavoti ochepera 34 peresenti koma inatenga mipando yoposa 400 mwa 650. Reform UK inapeza 14 peresenti, mavoti oposa 4 miliyoni, n'kupeza mipando 5 yokha. Liberal Democrats inapeza 12 peresenti, yochepa kuposa Reform, koma mipando 72. Agogo ena amene ndimawasambitsa anandiuza kuti akhala akuvota moyo wawo wonse m'dera limodzi koma munthu wawo sanapambanepo. Ndiye kulira kwa Che Jafali kunonso kulipo.

Aphunzitsi Phiri (Chilipa):
Achemwali a Tamanda, kwathu kuno zinachitikanso. Mu 2019 a Chilima anapeza mavoti oposa 1 miliyoni, koma UTM inangopeza aphungu 4 mwa 193. Munthu mmodzi mwa asanu alionse anawafuna, koma m'Nyumba ya Malamulo mawu awo sanamveke. Ku America ndiye zinafika ponyanya. Mu 1992 Ross Perot anaima payekha n'kupeza 19 peresenti, koma pa mavoti 538 a Electoral College amene amasankhadi mtsogoleri sanapeze olo imodzi. Mu 2016 Hillary Clinton anaposa Donald Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni, koma wolumbira anali Trump. Katswiri wina wa ku France, Maurice Duverger, anazilemba kalekale m'zaka za m'ma 1950 kuti njira ya wopambana atenga zonse imakankhira anthu ku zipani ziwiri. Chifukwa chake ndi chija chanenedwa padoko la Makawa: anthu amaopa kutaya voti, ndiye amathamangira kwa wamkulu amene akumuda pang'ono.

Idrisa (Johannesburg):
Ankolo Jafali, ndikufotokozereni za kuno ku Joni m'chiyankhulo chanu cha panyanja. Chilimira chikabwera ndi usipa, kodi siginala amatenga zonse poti ndiye anaona nsomba? Ayi. Mwini zida amatenga gawo lake, alovi gawo lawo, aliyense monga mwa ntchito yake. Kuno mipando 400 ya Nyumba ya Malamulo amagawana choncho. Chipani chikapeza 10 peresenti chimatenga mipando pafupifupi 40. Pa 29 Meyi 2024 ANC inatsika kufika 40 peresenti n'kupeza mipando 159, DA 87, MK ya Jacob Zuma 58, EFF ya Julius Malema 39, ndipo tizipani tina tating'ono tinalowa ndi mpando umodzi kapena iwiri. Mtsogoleri wa dziko amasankhidwa ndi aphunguwo, ndiye Cyril Ramaphosa anayenera kugwada kwa zipani zina kuti apange boma la mgwirizano. Kwa nthawi yoyamba chiyambire 1994 ANC inalephera kupeza mipando yoposa theka. Voti ya munthu kuno sitayika wamba.

Abiti Yusufu (Namwera):
Che Idrisa, nanga kumeneko phungu wa dera lanu ndani? Pakagwa maliro mumapita kwa yani?

Idrisa (Johannesburg):
Funso limenelo ndi lolasa, amayi. Palibe phungu wa dera ngati kwathu. Amavotera chipani, chipanicho n'chimene chimalemba mndandanda wa mayina. Amene ali pamwamba pa mndandanda alowa, wa pansi atsala. Ndiye phungu amaopa akuluakulu a chipani kuposa anthu wamba. Eni dziko kuno amadandaula zimenezo kwambiri. Komanso migwirizano ili ndi matope ake. Mzinda wa Johannesburg uno mameya akhala akusinthana pafupipafupi chichokereni 2021, uyu akalowa anzake amuchitira upo, pamene madzi m'mipopi akusowa ndipo misewu ili maenje okhaokha.

Abiti Yusufu (Namwera):
Basi ine imeneyo ayi. Ndikufuna munthu amene ndikudziwa kwawo, woti ndikamuona pa Namwera ndimuimitse ndimufunse za mlatho.

Nachisale (Monkey Bay):
Abiti, ndikumvetsa, koma tiyeni tinene chilungamo. Kodi phungu amene timamudziwa kwawoyo watithandiza chiyani? Tamusandutsa wogula mabokosi a maliro ndi wonyamula odwala. Ntchito yake yeniyeni ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza ndalama za boma, koma ife timamuyeza ndi matumba a ufa. Ine ndinayesapo kuima pa ukhansala kuno. Pa chisankho chachipulula cha chipani china, chimene sinditchula, anthu anaima kumbuyo kwanga mzere wautali ndithu, aliyense anaona. Madzulo ake dzina limene linalengezedwa linali la bambo wina amene anabwera ndi galimoto ya nsalu. Ndinalira ngati mwana. Ndiye musaganize kuti kwathu kuno akuluakulu a chipani alibe mndandanda wawo. Ulipo, kungoti amaulembera kuseri.

Aphunzitsi Phiri (Chilipa):
Zimene anena a Nachisale ndi gwero la aphungu oima paokha. Mu 2014 analipo 52 mwa 193, kuposa chipani chilichonse. Mu 2019 analipo 55, kufanana ndi MCP, pamene DPP inali ndi 62, UDF 10, PP 5. Ambiri mwa iwo ndi anthu oberedwa pa zipulula, anthu akumudzi n'kuwavotera mokwiya. Izi zikusonyeza kuti Amalawi sitinagonjere zipani ziwiri. Pa mtsogoleri wa dziko timapanikizika, koma pa phungu timaonetsa mtima wathu. Vuto limabwera akafika ku Lilongwe. Sabata isanathe mumva kuti oima paokha aja alengeza kuti agwira ntchito ndi boma. Gawo 65 la malamulo aakulu limaletsa phungu wa chipani kuolokera chipani china, koma takhala tikuona momwe limavutira kugwira ntchito chiyambire 2005 pamene a Bingu anachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu n'kuwatsatira chigulu.

Che Mdala Ajasi (Katuli):
Inu mukuzungulirazungulira chiyani? Vuto ndi lakuti anthu a kuno munataya chipani chanu chachikasu. Mlatho wa pa Shire uja anamanga ndani? Sukulu yaulere ya pulayimale inayamba nthawi ya yani? Mukanagwirizana bwenzi tili ndi mawu ku Lilongwe. Enanu ndinu ogulidwa.

Shaibu wa kabaza (M'baluku):
Ogulidwa ndani? Mu 2020 chipani chanucho sichinakwere ngolo ya eni ake?

Admin Hawa:
Che Mdala, Shaibu, chonde. Pano pali a zipani zonse ndiponso opanda chipani. Mawu oti ogulidwa asabwerenso. Tikukamba za njira yovotera, osati kunyozana.

Che Mdala Ajasi (Katuli):
Ndamva amayi, ndabweza mawuwo. Koma mfundo yanga ikhale: chipani chaching'ono pansi pa 50+1 chilibe kolowera koma kukwatiwa ndi chachikulu, ndipo chikakwatiwa dzina limatha.

Saidi (Chiponde):
Ine ndimagula nandolo ndi chimanga tsidya lino ndi la Mandimba, ndiye za ku Mozambique ndimazimva ndi makutu anga. Kumeneko aphungu 250 amagawana monga momwe wanenera Idrisa, motsata mavoti a chipani. Koma Frelimo ikulamula chilandirireni ufulu mu 1975. Chisankho cha Okutobala 2024 analengeza Daniel Chapo, otsatira Venâncio Mondlane anakana zotsatira, anthu ambiri anafa m'misewu, ena anathawira kwathu ku Nsanje. Ndiye njira ikhoza kukhala yokoma papepala, koma ngati anthu sakhulupirira wowerenga mavoti, palibe chimene mwakonza. Ifenso za Tipp-Ex yofufutira manambala pa mapepala a zotsatira mu 2019 sitinaiwale.

Aphunzitsi Phiri (Chilipa):
A Saidi mwanena zoona. Koma pali njira ina yapakati imene ingayankhe nkhawa ya Abiti ndi ya Che Jafali nthawi imodzi. Ku Lesotho mu 1998 chipani cha LCD chinapeza mavoti pafupifupi 60 peresenti koma chinatenga mipando 79 mwa 80. Anthu 40 pa 100 alionse anatsala ndi phungu mmodzi. Kunabuka ziwawa, Maseru anapsa, asilikali a South Africa ndi Botswana analowerera. Atakhala pansi anasintha njira. Kuyambira 2002 ali ndi mipando 120: 80 ndi ya madera monga kwathu, 40 ndi yolipirira zipani zimene zapeza mavoti ambiri koma madera ochepa. Germany ndi New Zealand amachita zofanana, ndipo kumeneko munthu amaponya mavoti awiri, imodzi ya munthu wa dera, ina ya chipani. Ku Germany anaikanso mpanda woti chipani chipeze 5 peresenti chisanagawiridwe mipando, kuopa kudzaza nyumba ndi zipani za m'chikwama. Tiyerekeze kwathu: Abiti muvotera mwana wa pa Namwera amene mumamudziwa, ngakhale aime payekha, kenako voti yachiwiri mupatsa chipani chimene mfundo zake mwazikonda. Sindikubisa, Lesotho yavutikanso ndi maboma amgwirizano osakhalitsa, anavota 2012, 2015 ndi 2017. Walira mvula walira matope. Koma Maseru sanapsenso chifukwa cha kagawidwe ka mipando.

Abiti Yusufu (Namwera):
Imeneyo ya mavoti awiri ndiye ndaimva bwino. Bola munthu wanga wa dera akhalepo.

Tamanda (Leeds):
Ndibwerere kwa Che Jafali, chifukwa funso lawo linali la mtsogoleri wa dziko. Ankolo, ine ndikuona ngati 50+1 sitinaimvetse. Ubwino wake ndi woti pakasowa wopeza theka pamakhala chisankho chachibwereza cha awiri apamwamba. Ndiye ulendo woyamba munthu umayenera kuvota ndi mtima, wachiwiri n'kuvota ndi mutu. Ku France amatero. Mu 2022 ulendo woyamba Emmanuel Macron anapeza 28 peresenti, Marine Le Pen 23, Jean-Luc Mélenchon 22. Aliyense anaonetsa mphamvu zake, kenako awiri anabwereza. Inu mukanachonga munthu wa kumtima kwanu uja, ndi ena onse oganiza ngati inu n'kutero, palibe akanafika theka, ndipo awiri aakuluwo akanabwera kudzakupemphani ndi chipewa m'manja.

Che Jafali (Makawa):
Mwana wanga Tamanda, mfundo imeneyi sindinaiganizepo, ndipo yandikhudza. Koma ndikuuze chimene chinali m'mitima ya anthu padoko. Tinkaopa chibwereza. Anthu ankati tikapatsa mpata wa ulendo wachiwiri, amene ali ndi boma m'manja apeza nthawi yokonza zake. Ena ankati dziko lilibe ndalama yogulira mafuta ndi mankhwala, ndiye tivote kawiri? Tinati timalize lero lomwe. Mantha ndi njala ndi zimene zinavota, osati ife.

Madala Mbewe (Mpondasi):
Ndipo atsogoleri nawo salola kuti tifike pa chibwerezapo. Amakagwirizana okha m'zipinda tisanavote. Tonse Alliance inali ya zipani 9, inapambana pa 23 Juni 2020 ndi pafupifupi 59 peresenti. Tinauzidwa za feteleza wa K4,495, ntchito 1 miliyoni, kudya katatu. Koma pangano lenileni la pakati pa atsogoleriwo ife ovota sitinalione. Mu 2022 a Chilima anadzaulula kuti munali mfundo yoti iwo adzatsogolere mu 2025, a MCP anatsutsa. Atamwalira pa ngozi ya ndege ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, sipanapite nthawi UTM inatuluka. Ine ndimati pakhale lamulo: mgwirizano uliwonse ulembedwe, uperekedwe ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, uwerengedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka tisanavote.

Nachisale (Monkey Bay):
Madala, pamenepo ndasayina ndi manja awiri. Ndiwonjezere za ku Kenya. Kumeneko theka lokha silikwana, wopambana ayeneranso kupeza 25 peresenti m'maboma osachepera 24 mwa 47. Kwathu kuno munthu akhoza kudzaza mavoti chigawo chimodzi ndi theka, n'kulamula osasowa Makanjira. N'chifukwa chake msewu wa ku Makanjira takhala tikuumva m'misonkhano ya kampeni kuyambira ndili mtsikana. Akanadziwa kuti popanda gawo la mavoti a boma lililonse salowa, bwenzi akutiwerengera.

Idrisa (Johannesburg):
Ku Australia amachita zina: sumachonga mmodzi, umalemba 1, 2, 3 motsata amene wamukonda. Woyamba wako akagwa, voti imasamukira kwa wachiwiri. Palibe kubwereranso pamzere.

Abiti Yusufu (Namwera):
Che Idrisa, amayi anga sadziwa kulemba, amadinda chala. Manambalawo awalembera ndani? Tisabweretse njira yoti anthu akumudzi azikalowa ndi wowathandiza m'kachipinda.

Shaibu wa kabaza (M'baluku):
Zonsezi ndamva ndipo ndaphunzirapo. Koma ndani asinthe? Aphungu omwewo amene anapambana ndi njira yakaleyi?

Aphunzitsi Phiri (Chilipa):
Shaibu wafunsa funso lenileni, ndipo mbiri yathu ikumuikira kumbuyo. Malamulo aakulu a 1994 anali ndi Gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane. Aphungu analichotsa mu 1995. Munalinso nyumba yachiwiri, Senate, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana. Anaichotsa mu 2001 isanakhalepo n'komwe. Mu 2017 bungwe la Law Commission linapereka maganizo a 50+1 komanso mipando yapadera ya amayi, umodzi pa boma lililonse. Nyumba ya Malamulo inakana 50+1 mu Disembala chaka chomwecho. Inadzabwera kudzera kukhoti, anthu atayenda m'misewu miyezi yambiri. Chimene chinadutsa mosavuta ndi kuchulukitsa madera kuchoka pa 193 kufika 229. Ku New Zealand nakonso zipani ziwiri zazikulu sizinkafuna kusintha. Anthu anakakamira mpaka panachitika referendamu mu 1993, chaka chomwe ife tinkasankha nyali, ndipo mu 1996 anavota ndi njira yatsopano.

Saidi (Chiponde):
Komanso akuluakuluwo adziwe kuti njira imeneyi imaluma mwini. Ku Botswana mu Okutobala 2024 BDP, imene inalamula zaka 58, inapeza mavoti pafupifupi 30 peresenti koma mipando 4 yokha mwa 61. Tsiku limene zidzawaonekere kuno adzayamba okha kupempha kugawana.

Che Jafali (Makawa):
Abale, ndathokoza. Sindinagwirizane ndi zonse. Ya ku Joni yopanda phungu wa dera sindikuifuna, ya manambala ija Abiti anena zoona. Koma ya mavoti awiri ndi ya Madala yoti pangano liziwerengedwa poyera ndazigwira. Ndipo 2030, Mulungu akatisunga, ulendo woyamba ndidzachonga amene ndamufuna, za chibwereza tidzazionera komweko. Aphunzitsi, mungatilembere mfundo ziwirizi mwachidule, tsamba limodzi, m'Chichewa chosavuta? Phungu wathu akubwera ku msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) mwezi uno, ndikufuna ndikamufunse pamaso pa mafumu ngati angakaziyankhule ku Lilongwe.

Aphunzitsi Phiri (Chilipa):
Ndilemba Loweruka ndikamaliza kuchonga mayeso, ndiponya pompano kuti aliyense akonzepo.

Abiti Yusufu (Namwera):
Mukalemba munditumizire, mwana wanga aitembenuzire m'Chiyao. Ndikawerengera amayi ku banki m'khonde Lachiwiri.

Nachisale (Monkey Bay):
Muikemonso ya mipando ya amayi ija, aphunzitsi. Musaiwale.

Shaibu wa kabaza (M'baluku):
Che Jafali, tsiku la ADC mundiuze. Ndidzakunyamulani pa Makawa, mafuta okha mudzathire.